LAMYA IFIKE PA NTCHEU, KOMA MPWEYA UTSOGOLE

Boma la Ntcheu lili pakatikati pa mizinda iŵiri ikuluikulu ya dziko lino. Munthu wochoka pa Boma pa Ntcheu kulunjika ku Lilongwe amayenda makilomita pafupifupi 160, ndipo wopita ku Blantyre amayenda mtunda wonga womwewo. Kwa wamalonda amene wanyamula kachewere wa ku Tsangano kapena kabichi wa pa Lizulu, kukhala pakati chotere ndi mwayi, popeza misika ili mbali zonse ziŵiri. Koma kwa mayi amene wataya magazi ambiri pobereka, kapena mnyamata amene wagundidwa ndi galimoto pamseu wa M1, kukhala pakati ndiye kuti thandizo lalikulu lili kutali kumpoto, lilinso kutali kumwera. Anthu a m'boma lino, amene kalembera wa mu 2018 anapeza kuti aposa 650,000, amaudziŵa bwino mtunda umenewu.

Zipinda za odwala mwakayakaya, zimene achipatala amazitcha ICU, nzoŵerengeka m'dziko muno. Pamene mliri wa Covid-19 unafika mu 2020, zinadziŵika kuti zipatala za Boma zinali ndi mabedi otere pafupifupi 25 okha, pa anthu oposa 17 miliyoni, ndipo onse anali m'zipatala zazikulu zinayi: Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Wodwala wa ku Kasinje, ku Bilira kapena ku Katsekera akafooka kwambiri amayamba wafika pachipatala cha pa Boma, ndipo zikakanika pamenepo ulendo ndi wa ku Lilongwe, maola aŵiri kapena atatu ali m'ambulansi, osadziŵa ngati akapezako bedi.

Nchifukwa chake nkhani ya telemedicine yaŵakoka mtima anthu ambiri. Mauŵa atanthauza kuti dokotala aona wodwala ndi kulangiza za chithandizo chake iye ali kutali, kudzera pa lamya, pa kompyuta kapena pa kanema. M'zipinda za odwala mwakayakaya ntchitoyi imayenda motere. Pambali pa bedi pamakhala makina oyeza kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, kapumidwe ndi kuchuluka kwa mpweya m'magazi. Manambala ameneŵa, pamodzi ndi chithunzi cha wodwala chochokera pa kamera, amatumizidwa pa intaneti ku chipinda china cha kutali, kumene kwakhala dokotala katswiri ndi anamwino odziŵa ntchito. Iwo akaona kuti zinthu zayamba kupotoka, amaimbira amene ali pafupi ndi wodwalayo naŵauza chochita. Motero katswiri mmodzi angathe kuyang'anira mabedi a m'zipatala zingapo nthaŵi imodzi.

Ganizo langa ndi lakuti njira imeneyi ife a Malaŵi tiilandire, ndipo Ntcheu ndi malo oyenera kuyambirapo. Komatu tiimange kuyambira pabedi la wodwala kupita ku Lilongwe, osati kuyambira pa kanema wa ku Lilongwe kubwera kuno. Dokotala wakutali ali ndi maso ndi pakamwa, koma manja alibe. Sangaike diripi, sangatsegule mpweya, sangamtembenuze wodwala amene akutsamwa ndi masanzi. Zonsezi zichitidwa ndi namwino ndi clinical officer wa pa Ntcheu, ndi zipangizo zimene zili pa Ntcheu.

Tisanagule kanthu, tiyambe tafunsa amene anatitsogolera panjirayi, paja safunsa anadya phula. Ku Cleveland, m'dziko la America, madokotala a pachipatala cha yunivesite anali atayamba kale mu 1977 kulangiza anzawo a pachipatala china chaching'ono kudzera pa wailesi ya kanema. Mu 2000 zipatala za Sentara ku Norfolk, m'chigawo cha Virginia, zinatsegula chipinda choyang'anira odwala mwakayakaya a m'zipatala zingapo kuchokera pamalo amodzi, ndipo njirayi inafala m'dziko lonselo. Ku India, mliri wa Covid-19 utaŵasautsa mu 2021, anayamba ntchito yotchedwa 10BedICU, yoika mabedi khumi a odwala mwakayakaya m'zipatala za boma za m'madera akumidzi ndi kuzilumikiza ku zipatala zophunzitsira madokotala. Tizindikire kuti anzathu a ku India anayamba aika mabedi ndi zipangizo, naphunzitsa antchito, kenaka ndi pamene kamera inakhala ndi choona.

Phunziro loŵaŵa linachokera ku Brazil. Kumeneko anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa TELESCOPE, m'zipinda 30 za ICU, pa odwala oposa 17,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2024. Theka la zipindazo linali ndi katswiri wakutali woyendera odwala pa kanema masiku onse a ntchito, theka lina linapitiriza monga mwa kale. Pomaliza anapeza kuti masiku amene odwala ankagona mu ICU sanasiyane, ndipo chiŵerengero cha omwalira sichinasinthe kwenikweni. Izi sizitanthauza kuti lamya ilibe ntchito, iyayi. Zitanthauza kuti kulumikiza waya pakokha sikuchiritsa munthu, ndipo aliyense wobwera kudzatitsatsa makina molonjeza zozizwitsa tiyenera kumfunsa mafunso olimba.

Nanga odwala mwakayakaya kwathu kuno ali kuti? Ambiri timaganiza kuti ali mu ICU, koma si choncho. Kafukufuku wina wotchedwa ACIOS, amene anachitika m'zipatala 180 za m'maiko 22 a mu Africa, zotsatira zake nkutuluka mu 2025, anapeza kuti mwa odwala asanu ndi atatu alionse ogonekedwa m'chipatala, mmodzi amakhala ali mwakayakaya. Mwa oterowo, mmodzi mwa asanu anamwalira sabata isanathe. Ndipo pafupifupi asanu ndi aŵiri mwa khumi alionse sanali mu ICU, anali m'mawodi wamba, pakati pa odwala ena onse. Kuno kwathu, ofufuza amene anayeza odwala pa Queen Elizabeth ndi pachipatala cha Chiradzulu analemba mu 2021 kuti mwa akuluakulu amene anapezeka opereŵera mpweya m'magazi, pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi sankalandira okosijeni pa nthaŵiyo. Anthu ameneŵa sankasoŵa katswiri wa ku London. Ankasoŵa kuti wina aŵayeze, azindikire ngozi, naŵapatse mpweya.

Tsono ngati tifuna kuti telemedicine ipindulire Ntcheu, pali zinthu zimene okonza mapulani ayenera kuziika m'ndondomeko yake, chilichonse pamalo pake.

Choyamba ndi kuyeza. Dokotala wa ku Lilongwe sangalangize kanthu ngati palibe manambala. Wodi iliyonse ikhale ndi kachipangizo kopanira pachala koyezera mpweya m'magazi, makina oyezera kuthamanga kwa magazi, choyezera kutentha kwa thupi ndi choyezera shuga, zonse zogwira ntchito ndi mabatire ake. Pakhalenso pepala limodzi losavuta, lofanana m'zipatala zonse, losonyeza malire a ngozi: mpweya ukatsika kufika pansi pa 90, kapena wodwala akaleka kuyankha, namwino adziŵe kuti nthaŵi yoitana yakwana. Zipangizo zimenezi mtengo wake ngwochepa poyerekeza ndi kamera imodzi ya m'chipinda cha ICU, koma ndizo zimene zimapeza wodwala amene akuzilala mwakachetechete pakona pa wodi.

Chachiŵiri ndi mpweya ndi magetsi. Makina opangira okosijeni a pambali pa bedi amapereka malita asanu kapena khumi pa mphindi, ndipo magetsi akazima nawo amazima. Sitinaiŵale kuti namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunatisautsa kufikira chaka chotsatira. Choncho chipinda cha odwala mwakayakaya chikhale ndi magetsi akeake a dzuŵa ndi mabatire otha kupirira usiku wonse, jenereta ikhale ndi mafuta ake osabwerekedwa, ndipo masilinda odzaza akhale pafupi ngati nkhokwe. Pa Queen Elizabeth anamanga fakitale ya okosijeni mu 2020, ndipo inapulumutsa ambiri pamene mliri unakula mu Januwale 2021, mwezi umene nduna ziŵiri za Boma zinamwalira tsiku limodzi. Funso la kumene Ntcheu izikadzaza masilinda ake, ndi galimoto iti, tsiku liti, liyankhidwe kamera isanafike. Palibe chomvetsa chisoni ngati dokotala kuonerera pa kanema munthu akubanika, nalamula mpweya umene kulibe.

Chachitatu ndi manja. M'chipinda cha ICU namwino mmodzi amasamala wodwala mmodzi kapena aŵiri, pamene m'mawodi a m'maboma usiku namwino mmodzi amakhala ndi odwala makumimakumi. Tikaika mabedi anayi kapena asanu ndi limodzi a odwala kwambiri pa Ntcheu, tiŵapatse anamwino awoawo, osati kubwereka wa ku wodi ya ana. Anamwino ndi ma clinical officer ameneŵa azipita ku Kamuzu Central kukagwira ntchito mu ICU kwa masabata angapo, ndipo akatswiri a kumeneko azibwera kudzaona chipinda chimene akuchilangiza. Anthu amene anadyera pamodzi nsima amamvana msanga pa lamya. Ndipo inu a ku likulu amene mumalemba makalata osamutsa antchito, chonde musamachotse namwino amene wangophunzira kumene ntchitoyi nkumutumiza kumene sakaigwiritsa ntchito. Kutero nkuthira madzi m'dengu.

Chachinayi ndiye lamya yeniyeniyo. Ikhale yopepuka, yotha kugwira ntchito ngakhale netiweki itafooka. Poyamba padutse mau ndi manambala, kenaka zithunzi, monga za X-ray kapena za bala, ndipo kanema akhale wotsiriza, wogwiritsidwa ntchito pamene njira yatseguka. Waya wa fibre umene ESCOM inayamba kuyala mu 2017 kulumikiza maboma ndi chuma cha dziko, tiugwiritse ntchito. Koma njira imodzi siikwanira: pakhale lamya za Airtel ndi TNM zonse ziŵiri, ndipo kumalo ovuta monga kumapiri a ku Tsangano tingaganizirenso intaneti ya setilaiti, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023. Chachikulu koposa nchakuti mbali ya ku Lilongwe pakhale munthu woyankha usana ndi usiku, amene ntchito yake pa nthaŵiyo ndi imeneyo basi, ndipo akulipidwa. Tikangoonjezera lamya pathumba la dokotala amene ali kale ndi odwala ake, idzalira osayankhidwa, ndipo namwino amene waimba kaŵiri pakati pa usiku osayankhidwa sadzaimbanso kachitatu.

Chachisanu ndi malamulo. Zidziŵike poyera kuti mwini wodwala ndani. Ine ndiona kuti udindo ukhale pa amene ali pabedi, ndipo wakutali akhale mlangizi amene malangizo ake alembedwa, ndi dzina lake ndi nthaŵi yake, m'faelo ya wodwalayo. A Medical Council of Malawi ndi a bungwe la anamwino ndi azamba aike izi m'malamulo, kuti pasadzakhale kulozana zala zinthu zikalakwika. Chinsinsi cha wodwala chisungidwenso. Dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu mu 2024, ndipo chithunzi cha mayi wodwala si chinthu chomangotumizirana m'magulu a WhatsApp. Wodwala kapena womudikirira afunsidwe kamera isanatsegulidwe, ndipo kamera ya m'wodi ya amayi ikhale ndi chotchinga.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kukonza. Aliyense amene anayendapo kuseri kwa zipatala zathu anaona mulu wa makina a mphatso amene anafa chifukwa chosoŵa kachitsulo kamodzi. Unduna wa Zaumoyo uli ndi nthambi yosamala zipangizo yotchedwa PAM. Amisiri ake akhalepo pamene makina akusankhidwa, aphunzitsidwe kuŵakonza, ndipo pangano logulira linene za zitsulo zosinthira za zaka zisanu. Ndalama za intaneti ndi mabatire ziloŵe m'bajeti ya khonsolo kuyambira chaka choyamba, kuti abwenzi otithandiza akadzapita ntchito isadzapite nawo. Walira mvula walira matope.

Zonsezi zikakhalapo, lamya idzayankha mafunso atatu amene amavutitsa wogwira ntchito pachipatala cha m'boma usiku uliwonse. Kodi wodwalayu ndimchite chiyani tsopano lino? Kodi ayenera kupita ku Lilongwe, kapena angachire pompano? Ngati apita, kodi bedi lilipo, ndipo ndimkonze bwanji kuti akafike wamoyo? Ambulansi ikapita ku Lilongwe imatenga namwino, dalaivala ndi mafuta a makilomita oposa 300, ndipo boma lonse limatsala lopereŵera kwa theka la tsiku. Wodwala wotumizidwa mosafunikira walanda galimoto ya mayi wa ku Sharpevale amene mwana wapingasa m'mimba. Wotumizidwa mochedwa, kapena asanaikidwe diripi ndi mpweya, amakatsikira ku nyumba ya chisoni. Kukambirana kwa mphindi khumi kungapeŵetse zonse ziŵirizi. Ndiponso lamya yomweyo iyang'ane kumbuyo: zipatala zazing'ono za ku Tsangano, Kasinje ndi Bilira, pamodzi ndi za mishoni monga Nsipe ndi Gowa, zizitha kuimbira pa Boma mwa njira yomweyi, popeza ambiri amafookera kumeneko.

Wina asatiuze kuti zoterezi nzachilendo kwa a Malaŵi. Njira yosankha msanga ana odwala kwambiri pamzere, yotchedwa ETAT, inakulira pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo bungwe la WHO linaitenga nkuifalitsa ku maiko ena. Sinafune makina odula, inafuna maso ophunzitsidwa ndi dongosolo, ndipo imfa za ana pachipatalapo zinatsika. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anayesedwa pomwepo mogwirizana ndi Rice University ya ku America, kenaka anafika m'zipatala za m'maboma. Pachipatala cha St Gabriel ku Namitete, mu 2008, alangizi a zaumoyo a m'midzi anayamba kutumiza mauthenga a pa lamya za m'manja kuchipatala m'malo moyenda mitunda. Kwa anansi athu a ku Balaka kunabadwa Chipatala cha pa Foni mu 2011, chimene chinafika m'maboma onse mu 2018 ndipo pambuyo pake chinaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Ku Kamuzu Central, kuyambira 2011, oyeza matenda a khansa akhala akuonetsana zithunzi za pa maikulosikopu ndi anzawo a ku University of North Carolina. Ntchito zonsezi zinakhazikika chifukwa zinayamba pang'ono, zinayankha vuto lenileni, ndipo panali a Malaŵi ozigwira ndi manja awo.

Ena adzati: bwanji osangomanga ICU yathunthu pa Ntcheu, ndi makina opumira, nkhani nkutha? Tsiku limenelo tikulifuna tonse, ndipo lidzafika. Koma makina opumira munthu si wailesi yoti ungotsegula. Amafuna wodziŵa kuloŵetsa chubu pakhosi, namwino wosachoka pabedi, labotale yoyeza magazi usiku ndi mankhwala ogonetsa osatha. Kuphunzitsa katswiri mmodzi kumatenga zaka zambiri atamaliza kale udokotala, ndipo sukulu yathu ya madokotala, imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, siingadzaze maboma 28 chaka chimodzi. Pakali pano akatswiri ochepa amene tili nawo tiŵagaŵane mwanzeru.

Enanso adzati: tilumikize Ntcheu ndi madokotala a kunja, amene ali ambiri. Thandizo lawo pophunzitsa ndi pa matenda ovuta tililandira ndi manja aŵiri. Koma woyankha lamya ya pakati pa usiku akhale wa kuno, wodziŵa malungo a mu ubongo, wodziŵa mankhwala amene ali m'famase ya pa Boma, wotha kuyankhula ndi wodikirira m'Chicheŵa, ndiponso amene ali ndi mphamvu yonena kuti bwera naye, bedi ndakusungira. Wa ku Chicago sangasunge bedi ku Lilongwe.

Tsono inu atsogoleri a m'madera, makhansala, mafumu ndi a m'makomiti a zipatala, ntchito yanu ilipo ndipo si yaing'ono. Tikumbukire mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kumwera mu 2017, ndiponso mabodza a nthaŵi ya Covid-19 akuti mpweya wa kuchipatala umapha. Munthu wa kumudzi akaona m'bale wake ali ndi mawaya pachifuwa ndi kamera pamwamba pake, angaganize zachilendo ngati palibe anamfotokozera. Fotokozani m'misonkhano, m'matchalitchi ndi m'mizikiti makina asanafike. Limbikitsani anthu kubwera ndi wodwala msanga, osati atayamba azungulira kwina masiku atatu. Limbikitsani achinyamata kupereka magazi pamene a Malawi Blood Transfusion Service afika, chifukwa magazi sadutsa pa waya. Ndipo wakuba sola, batire kapena waya wa pachipatala adziŵike kuti ndi mdani wa mudzi wonse, asabisidwe chifukwa ndi mwana wa uje.

Inu ogwira ntchito m'Boma amene mudzasaina mapepala, musayese ntchitoyi ndi kukongola kwa chipinda pa tsiku lotsegulira. Ŵerengani odwala mwakayakaya ndi imfa zawo chaka chimodzi ntchito isanayambe, muŵerengenso itayamba. Lembani kuti lamya inaimbidwa kangati, inayankhidwa patapita mphindi zingati, ndi odwala angati amene anachirira pa Ntcheu m'malo motumizidwa. Manambala akakoma, ntchito ipite ku Dedza, ku Mchinji ndi kwina. Akapanda kukoma, tikonze polakwika tisanamwaze ndalama za anthu m'dziko lonse.

Mutu umodzi susenza denga. Katswiri wa ku Lilongwe, namwino wa pa Ntcheu, mmisiri wa makina, dalaivala wa ambulansi ndi mfumu ya kumudzi, aliyense ali ndi mbali yake ya denga limeneli. Tiyeni tiyambe ndi zimene zili pabedi: choyezera, mpweya, magetsi ndi namwino wophunzitsidwa. Zimenezi zikakhazikika, tiimbe lamya, ndipo ku Lilongwe ayankhe.